Buku la ana tiliweruze palokha, kapena pamodzi ndi mwini wake ndi nyengo yake?

Mayi wa Awiri

Abale anga, ndagwira njakata, ndithandizeni maganizo.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ali ndi zaka 8. Usiku uliwonse ndimamuwerengera mutu umodzi wa buku, mng'ono wake akagona. Mwezi uno tili pa The Story of Doctor Dolittle, buku la Hugh Lofting lomwe linatuluka mu 1920. Ndi buku lomwelo limene ndinkawerenga ine ndili kamtsikana. Chikuto chinathothoka kalekale, masamba apakati ndinachita kuwamata, ndipo patsamba loyamba pakadali dzina langa lolembedwa ndi pensulo m'zilembo zokhotakhota.

Mwanayu walikonda bukuli koopsa. Wakonda Polynesia, chinkhwe chimene chinaphunzitsa dokotala chiyankhulo cha nyama. Wakonda galu uja Jip. Tsiku lomwe tinawerenga za anyani atagwirana manja ndi miyendo kupanga mlatho kuti dokotala awolokerepo, anadzuka pabedi n'kuyamba kundionetsa mmene anagwiranirana.

Lachiwiri lapitali tinafika pa nkhani ya Bumpo, mwana wa mfumu ya ku Africa imene inatsekera dokotala m'ndende. Kunena zoona, ine nkhaniyi ndinali nditaiiwaliratu. Bumpo amakonda kuwerenga nthano za azungu, ndipo akudandaula kuti atapsompsona mwana wamkazi wa mfumu yemwe anali m'tulo, mkaziyo podzidzimuka anakuwa poona kuti iye ndi wakuda, n'kuthawa. Ndiye akupempha dokotala kuti amusandutse mzungu. Dokotala asakaniza mankhwala m'beseni, Bumpo aviikamo nkhope, nkhope ituluka itayera, ndipo pothokoza iye awatsegulira ndende. Maso anga anathamangira kutsogolo mizere ingapo, mawu n'kungoima pakhosi. Mwana anati, "Amayi, mwasiyiranji?" Ndinangoti kwada, tipitiriza mawa. Mawa lakelo ndinati ndatopa. Lero ndi Lachisanu, buku likadali pansi pa pilo wanga.

Chandisokoneza kwambiri ndi ichi. Ndinapita kukafufuza za Lofting ndikuyembekezera kupeza munthu woipa mtima, kuti bukuli ndilitaye mtima uli m'malo. Koma ndinapeza munthu amene anali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo posafuna kulembera ana ake zoopsa zimene ankaona kumeneko, ankawatumizira makalata a nthano okhala ndi zithunzi zojambula yekha. Chimene chinkamupweteka mtima ndi mahatchi ovulala, omwe ankangophedwa pamene asilikali ovulala ankathamangitsidwira kwa madokotala. Dokotala womva chiyankhulo cha nyama anabadwira m'chisoni chimenecho. Munthu wachifundo chotero ndi yemwenso analemba za beseni lija.

Pashelefu pali Matilda, buku la Roald Dahl la mu 1988, lomwe tinapangana kuti tiyamba tikamaliza ili. Ndaliwerenga kawiri konse ndipo sindinapezemo chonyoza mtundu wa anthu. Koma Dahl mwiniwake anayankhula mawu achidani okhudza Ayuda kwa atolankhani mu 1983, n'kubwerezanso mu 1990, chaka chomwe anamwalira, moti mu 2020 a banja lake anachita kupepesa poyera.

Ndiye ndili ndi mabuku awiri. Lina n'la munthu wamtima wabwino koma muli tsamba lonyansa. Lina n'la munthu wa pakamwa poipa koma masamba ake alibe banga. Ena amati buku uziliweruza palokha, osayang'ana moyo wa wolemba kapena nyengo imene anakhalamo. Ena amati zimenezo n'zosatheka. Kwa munthu wamkulu wowerenga yekha chamumtima mwina ndi nkhani yongocheza. Koma kwa ine mawu amenewa atuluka pakamwa panga n'kulowa m'khutu la mwana wakhungu lofanana ndi la Bumpo. Mukanakhala inu mukanatani?

Mphunzitsi Wopuma

Pepani mayi, ndikumvetsa mmene mtima wanu ulili. Ndidaphunzitsa ana a pulayimale kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo nthawi yomwe ndinkaikonda koposa idali yowawerengera nthano mokweza. Pa ana onse amene adadutsa m'manja mwanga, sindikukumbukira ndi mmodzi yemwe amene adandifunsa kuti wolemba bukuli adali munthu wotani kunyumba kwake. Ambiri sadziwa n'komwe kuti dzina lili pachikutolo n'la munthu amene adakhalako ndithu. Mwana amakumana ndi tsamba. Wolembayo timakumana naye ndife akuluakulu.

Choncho mafunso anu awiriwo ine ndimawasiyanitsa.

Matilda muwerengereni mosakayika. Zimene Dahl adauza atolankhani n'zoipa, ndipo palibe chifukwa chozibisira kapena kuzichepetsa. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mlomo wakewo waupezadi ngakhale ali m'manda. Koma mawu amenewo mulibe m'bukumo. Angafike kwa mwana wanu pokhapokha inuyo mutawanyamula n'kumupititsira. Nthawi yomuuza idzakwana akadzasinkhuka, akadzadziwa kuti Ayuda ndani ndipo adawachitira zotani ku Ulaya.

Palinso china chimene chimandikayikitsa pa nkhani yoweruza buku ndi moyo wa wolemba: moyowo timaumva kuchokera kwa yani? Taganizani za Enid Blyton, mayi uja adalemba mabuku a ana mazanamazana, yemwe adamwalira mu 1968. Mwana wake wamng'ono, Imogen, adatulutsa buku mu 1989 lofotokoza kuti amayi akewo adali munthu wouma mtima, wokonda ana a anthu ena amene ankamulembera makalata kuposa ake omwe. Mwana wake wamkulu, Gillian, ankawakumbukira mwa njira ina, ngati mayi wachikondi. Onse adakulira m'nyumba imodzi. Timvere uti? Tikati buku lililonse lidikire kaye kuti tigamule mlandu wa m'banja la wolemba, ana akula osawerenga.

Koma mayi yemweyo adalemba nthano ya chidole chakuda chomwe zidole zinzake zinkachisala chifukwa cha nkhope yake, mpaka mvula idachitsuka nkhope n'kuyera, pamenepo m'pamene chidalandiridwa. Apa sitifunikira umboni wa Imogen kapena wa Gillian. Mlandu uli patsamba pomwepo, aliyense wodziwa kuwerenga angauone.

Muyeso womwe ndinkagwiritsa ntchito ndi uwu. Werengani tsambalo mokweza muli nokha, mukuganizira nkhope ya mwana amene adzalimve. Ngati muli chiganizo chimene simungathe kuchitchula mukumuyang'ana m'maso, vuto lili m'bukumo. Inu muyeso umenewu mudauchita kale Lachiwiri, mawu atakuimani pakhosi. Chifundo cha Lofting pa mahatchi sichingachiritse tsamba limenelo, chifukwa mwana wanu sadzamva za mahatchi. Adzamva zoti nkhope yakuda ndi matenda ofunika mankhwala.

Langizo langa n'lakuti mutuwo muudumphe. Muuzeni m'mawu anuanu kuti Bumpo adawathandiza kuthawa, kenako pitirizani. Ngakhale osindikiza mabuku adachita chimodzimodzi: kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adatulutsanso bukuli atasintha gawo limeneli, mwana wa Lofting, Christopher, atavomereza. M'mera mpoyamba, mayi. Pa zaka 8, chimene chatuluka pakamwa pa amake mwana amachitenga ngati choonadi.

Wofukula Zakale

Aphunzitsi, pa nkhani ya moyo wa wolemba ndikugwirizana nanu. Ine ndikufuna ndikhudze mbali inayo, ya nyengo, chifukwa ndi imene anthu ambiri amathawirako. Nthawi zonse nkhani ngati iyi ikabuka, wina amati "ndi mmene anthu ankaganizira nthawi imeneyo". Ine ndimafunsa kuti, anthu ake ati?

Mu January 1920, chaka chomwecho chimene buku la Dolittle linatuluka, mumzinda wa New York munayamba kutuluka magazini ya ana yotchedwa The Brownies' Book. Anaiyambitsa ndi W. E. B. Du Bois, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, ndi anzake, ndipo ntchito yaikulu yoikonza ankagwira ndi mayi wina wolemba mabuku, Jessie Redmon Fauset. Cholinga chake chinali choti ana akuda aziona nkhope zawo m'nthano ndi m'zithunzi n'kudziwa kuti kuda si chilema, n'chinthu chabwinobwino komanso chokongola. Inkatuluka mwezi ndi mwezi mpaka December 1921. Ndiye mu 1920 momwemo munali anthu odziwa bwino lomwe zimene nkhani ngati ya Bumpo imachita mumtima mwa mwana. Kungoti makampani akuluakulu osindikiza mabuku sankawafunsa. Tikamati "nyengo" nthawi zambiri timakhala tikutchula gulu limodzi la anthu amene anali ndi makina osindikizira.

Amayi, tabwererani m'mbuyo m'buku lanulo, pomwe dokotala wangofika kumene ku Africa. Mfumu ikumuuza chifukwa chomwe ikumumangira: kale kunabwera mzungu wina, inamulandira bwino, koma iye anakumba maenje kufuna golide, anapha njovu kufuna minyanga, n'kuchoka mozemba osanena ndi zikomo yemwe. Amene analemba zimenezi si munthu wosaona. Lofting anagwirako ntchito ya njanji kumadzulo kwa Africa nkhondo isanayambe. Umbombo wa atsamunda anauona ndi maso ake n'kuuika m'kamwa mwa mfumuyo. Patapita mitu yowerengeka anatenga mwana wa mfumu yemweyo n'kumusandutsa choseketsa. Zonse ziwiri zinachokera m'mutu umodzi chaka chimodzi. Nyengo singalandire chitamando cha choyambacho kenako n'kusenza yokha mlandu wa chachiwiricho.

Chinanso, olemba ena anauzidwa akadali moyo, ndipo anasintha okha. Laura Ingalls Wilder, m'buku lake la mu 1935 la Little House on the Prairie, analemba za dera lina kuti kunalibe anthu, kunkangokhala eni nthaka a ku America. Wowerenga wina analembera kalata osindikiza mu 1952 kudandaula kuti chiganizochi chikutanthauza kuti eni nthakawo si anthu. Mkonzi wake, Ursula Nordstrom, anadzidzimuka kuti zaka zonsezo palibe amene anachiona. Wilder anavomera kulakwa, ndipo kuyambira mu 1953 mawu oti anthu anasinthidwa kukhala obwera kudzakhazikika. Dahl yemweyo, mu Charlie and the Chocolate Factory ya mu 1964, antchito a m'fakitale anali anthu aafupi ochokera m'nkhalango za ku Africa, obweretsedwa m'mabokosi. Atadzudzulidwa, kuphatikizapo ndi bungwe la NAACP lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anawasintha mu 1973. P. L. Travers analembanso mutu wina wa Mary Poppins mu 1981, n'kuika nyama m'malo mwa mitundu ya anthu yomwe anaijambula monyoza.

Koma ndisapite mbali imodzi. Kuchotseratu nyengo poweruza buku n'kosathekanso. Buku la zithunzi la Hergé, Tintin wa ku Congo, linayamba kutuluka mu 1930, Congo ili m'manja mwa Belgium. Munali chithunzi cha Tintin, mnyamata wachizungu wa m'bukumo, akuphunzitsa ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium. Mu 1946 Hergé anachisintha kukhala phunziro la masamu, koma nkhope zojambulidwa monyoza zija anazisiya. Munthu wosadziwa mbiri imeneyi sangamvetse ntchito yomwe bukuli linkagwira. Ndipo munthu wina wochokera ku Congo atalitengera kukhoti ku Brussels, khoti mu 2012 linakana kuliletsa, potengera nthawi yomwe linalembedwa. Ine nyengo ndimaifuna kuti indiuze komwe banga linachokera. Chimene ndimakana n'kuigwiritsa ntchito ngati sopo.

Pomaliza, kuwerenga buku ndi kulemekeza wolemba ndi zinthu ziwiri. Mu 2018 bungwe la oyang'anira malaibulale a ana ku America linachotsa dzina la Wilder pa mphoto yomwe inkadziwika ndi dzina lake kuyambira mu 1954. Mabuku ake sanawachotse m'mashelefu. Pamenepa m'pomwe moyo wa munthu umalowa mokwanira: pamene tikusankha woti timukweze pamwamba.

Bambo wa Mapasa

Ine changa n'chachifupi. Kwa ine moyo wa wolemba umayamba kundikhudza pamene ndalama yanga ikupita m'thumba mwake. Lofting anamwalira mu 1947, ndipo buku lanu mayi ndi lakale lomwe muli nalo kale m'nyumba. Dahl nayenso kulibe, ndipo kampani yosunga nkhani zake inagulidwa ndi Netflix mu 2021. Kuwerenga Matilda sikumuonjezera mphamvu yonyozera munthu wina aliyense. Akanakhala wamoyo, akuyankhulabe zomwezo mawa lino, ndikanaganiza kawiri ndisanagule buku latsopano. Ndikanakabwereka kulaibulale kapena kwa mnzanga.

Azakhali Owerenga

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pa zodumpha mutuwo sindikugwirizana nanu.

Mayi, mwati nkhani ya Bumpo munaiiwaliratu. Mawu amenewo andikhudza kuposa ena onse amene mwalemba. Inenso mabuku amtundu umenewu ndinkawerenga ndekha ndili ndi zaka 10 kapena 11, popanda munthu wamkulu pambali. Ndikafika pa malo ngati amenewo ndinkaseka, chifukwa buku linkandiuza kuti apa m'posekera. Sindinakhumudwe ngakhale tsiku limodzi. Koma posachedwapa, posanthula katundu wa malemu amayi anga, ndinapeza kope langa la zojambula la zaka zimenezo. Muli atsikana ambirimbiri, aliyense pansi pake palembedwa kuti "Ine". Onse tsitsi lawo n'lalitali, lopakidwa chekeni chachikasu. Madiresi ndinawapaka mitundu yonse, nsapato zomwe. Nkhope zokha ndinkazisiya osapaka, kuti zikhale ngati pepala. Chekeni chabulauni chinalipo m'bokosi, ndinkapakira mitengo ndi madenga. Ndinakhala pansi ndi kope limenelo nthawi yaitali ndithu.

Ena amati tsabola wakale sawawa. Uyu amawawa, kungoti mwana sadziwa kuti chikumuwawa n'chiyani. Chinua Achebe, wolemba mabuku wa ku Nigeria, anafotokozapo kuti ali pasukulu, powerenga mabuku a azungu onena za Africa, ankakhala mbali ya mzungu, n'kumaona anthu akuda a m'nkhanizo ngati adani, mpaka anadzazindikira atakula kuti iyeyo ndi mmodzi mwa anthu amenewo. Ngati zinachitikira munthu wanzeru ngati ameneyo, palibe mwana amene tinganene kuti sizingamugwire.

N'chifukwa chake ndikuti chimene chinandipweteka ine si tsamba lokha ayi. N'chakuti ndinali ndekha. Panalibe wondiimitsa n'kundifunsa kuti, kodi iwe ukuona kuti zimenezi n'zoona? Mwana wanu ali ndi mwayi umene ine ndinalibe. Mukadumpha lero, buku lili m'nyumba mwanu momwemo ndipo iye amatha kuwerenga. Tsiku lina adzalitsegula yekha, adzapeza mutu womwe amayi ake anaubisa, ndipo adzauwerenga popanda womuthandiza. Ngakhale mutalitaya, nkhani yoti kuyera ndiye kukongola adzakumana nayo kwina, pa kanema, pa intaneti, m'kamwa mwa anzake. Kuli bwino ayambe kukumana nayo ali pafupi nanu, ili m'buku lomwe mungathe kulitseka ndi kulitsutsa.

Mabuku okonzedwanso aja nawonso ndili nawo mawu. Wolemba akasintha yekha, ngati Wilder, ndiye kuti wavomera kulakwa, ndipo zimenezo n'zaulemu. Koma ena akamasintha iye atamwalira, mwana amakula akuganiza kuti wolembayo sanalembepo zoterozo, ndiponso kuti dziko la nthawi imeneyo linali laulemu kuposa mmene linalili. Tinaona mu 2023, kampani ya Puffin itasintha malo mazanamazana m'mabuku a Dahl, mpaka mawu onena za kunenepa. Anthu anakwiya, ndipo pasanathe masiku ambiri kampaniyo inalengeza kuti izisindikizanso mabuku osasinthawo pambali pa atsopanowo. Chomwe chinandivuta ine pa nkhani imeneyo n'chakuti anatsuka masamba kuti dzina la wolemba lizigulitsabe malonda. Mwana sanali patsogolo pa maganizo amenewo.

Mwana wanu mukumudziwa ndinu. Ngati ndi woti chinthu chikamupweteka amangokhala chete n'kuchisunga, dikirani chaka chimodzi kapena ziwiri, koma muuzeni zoona kuti pali mutu womwe mwausunga ndipo mudzawerengera limodzi. Ngati ndi wofunsa mafunso, muwerengereni tsopano.

Mphunzitsi Wopuma

Azakhali, nkhani ya kope lanu yandifika pamtima. Ndivomere kuti ine ndimaganiza ngati munthu woimirira kutsogolo kwa kalasi. Kumeneko ukawerenga mutu woterewu, ngakhale ufotokoze bwino chotani, pa nthawi yopuma mwana wakuda kwambiri kuposa anzake amakhala atapatsidwa kale dzina loti Bumpo, ndipo dzina lotero limamatirira mpaka kumaliza sukulu. M'kalasi sindingauwerenge, lero kapena mawa. Koma mayi ndi mwana wake awiriwiri pabedi ndi nkhani ina. Pamenepo ndingagonje, bola mayiyo akonzekere, asauyambe ali wotopa.

Mayi wa Awiri

Zikomo nonse. Ndawerenga mayankho anu kangapo konse. Ndabwera kudzakuuzani mmene zinathera.

Ndinasankha Lamlungu masana, osati usiku, kuti pasakhale zoti agone nazo. Ndinayamba ndi kumupepesa kuti sindinamuuze zoona, sikuti kunada kapena ndinatopa, koma mu mutu wotsatirawo muli zinthu zomwe zinandikhumudwitsa. Ndinamuuza kuti bukuli linalembedwa zaka zoposa 100 zapitazo ndi bambo wina wa ku England amene ankakonda kwambiri nyama, koma analemba chinthu chabodza chokhudza anthu akuda, ndipo ndikufuna achipeze yekha. Anakhala tsonga, maso ali pa ine.

Ndinabwerera kaye pa mawu a mfumu aja, monga ananenera achimwene Wofukula Zakale, a golide ndi minyanga. Kenako tinalowa mu nkhani ya Bumpo. Mawu ena onyoza omwe ali m'bukuli sindinawatchule. Pamenepo ndinatsatira muyeso wa aphunzitsi, chifukwa sindikanatha kuwanena ndikumuyang'ana. Koma nkhani yonse ndinaiwerenga, beseni ndi zonse.

Ndinkayembekezera kuti afunsa za khungu. Funso lake loyamba linali lakuti, "Mankhwalawo sanamuwotche?" Ndinati mwina anamuwotcha. Titafika pomwe dokotala ali m'mphepete mwa nyanja akunena yekha kuti kuyerako mwina sikukhalitsa, mwana anakwinya nkhope n'kunena kuti, "Ndiye kuti anamunamiza. Iye wawathandiza, iwo amunamiza." Anakwiyira dokotala, munthu yemwe milungu itatu yonseyi wakhala akusewera kuti ndi iyeyo, atakoleka chingwe m'khosi ngati choyezera odwala. Anakwiyiranso Polynesia chifukwa ndi amene anakonza chiwembucho.

Ndinamufunsa kuti nanga bodza lomwe ndinanena lija walipeza? Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Loti mkazi uja anathawa chifukwa Bumpo ndi wakuda. Anathawa chifukwa munthu wosamudziwa anamudzutsa." Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pafupi ndi lake, n'kunena kuti lake ndi lakuda kuposa langa, ndipo la bambo ake ndi lakuda kuposa tonse. Sananene modandaula. Amangoyerekeza. Ine ndinalephera kuyankha msanga.

Azakhali, madzulo ake ndinakatenga makope ake a zojambula n'kuwayang'ana tsamba ndi tsamba. Nkhope zambiri amazipaka bulauni. Ziwiri, za ana aakazi a mfumu ovala zisoti zachifumu, anazisiya osapaka. Sindinamufunse kanthu pakadali pano.

Za Dahl sindinamuuze, ndipo Matilda tiwerenga monga tinapanganirana. Ndasunga zimenezo mpaka atasinkhuka, ngakhale ndikuvomera kuti dzina lake pachikuto sindikuliona mmene ndinkalionera kale.

Usiku wa Lolemba tinapitiriza. Tinafika pomwe achifwamba a panyanja akuthamangitsa dokotala, anamzeze miyandamiyanda n'kugwira tizingwe ndi kukoka sitima kuti ithawe. Anasangalala nazo ngati kale, anaombera m'manja. Koma chingwe chija sanachikolekenso m'khosi sabata ino. Ndikutseka buku anandifunsa ngati Bumpo akubweranso. Ndinamuuza kuti m'buku lino ayi, koma m'buku lachiwiri, The Voyages of Doctor Dolittle la mu 1922, alimo, atapita kukaphunzira ku yunivesite ya Oxford. Akuti tilipeze, akufuna aone ngati dokotala anamupepesa. Ndamuuza kuti ndiyamba ndaliwerenga ndekha kaye.